Haiti idapambana nkhondo, nanga idalipiriranji France?

Funso: Ndidamva kuti dziko la Haiti lidapereka ndalama zankhaninkhani ku France kuti livomerezedwe kuti ndi dziko loima palokha. Komatu anthu a ku Haiti adagonjetsa asilikali a Napoleon. Wopambana amalipira bwanji wogonja? Kodi pulezidenti wawo wa nthawiyo adali wamantha, kapena adangogulitsa dziko?

Yankho: Mudamvazo nzoona. Zidachitika mu 1825, ndipo pulezidenti wake adali Jean-Pierre Boyer. Ine sindimuona ngati wamantha kapena wogulitsa dziko, koma mlandu ali nawo ndithu, ngakhale suli pamene anthu ambiri amauika. Kuti tiupeze bwino mlanduwo, tiyambe taona chimene Boyer ankagula, chifukwa ufulu weniweniwo anthu ake adali ataupeza kale ndi magazi awo.

Dziko la Haiti lisadatchedwe dzinali linali Saint-Domingue, munda wa nzimbe ndi khofi umene unkalemeretsa France kuposa dera lina lililonse limene Afalansa ankalamulira. Mudali akapolo pafupifupi 500,000. Akapolowa adaukira mu Ogasiti 1791, nkhondo nkukhala ikusinthasintha kwa zaka 12, mpaka pa 18 Novembala 1803 pamene asilikali a France adagonja ku Vertières. Pa 1 Januwale 1804, mumzinda wa Gonaïves, Jean-Jacques Dessalines, mtsogoleri wa asilikali opambanawo, adalengeza kuti dzikolo tsopano ndi lodzilamulira. Asilikali a France adachokadi, koma boma la France silidasaine pangano lililonse lovomereza zimenezi. Pa mabuku a mafumu a ku Ulaya, Haiti idali idakali chuma cha France chimene chagalukira mwini wake.

Nkhaniyi sidali ya ulemu chabe. Dziko losavomerezedwa silinkatha kupangana pangano ndi dziko lina, kazembe wake sankalandiridwa, mbendera yake pa sitima inkakanidwa m'madoko ambiri, ndipo mwini wake wakale ankatha kubwera tsiku lililonse popanda wina womuletsa. Ndiye taonani anansi amene Haiti idali nawo: Jamaica ya Angelezi, Cuba ndi Puerto Rico za Spain, ndi madera a kummwera kwa United States. Konseko chuma chidali pa msana wa akapolo. Kulandira kazembe wa Haiti kukadakhala kuuza akapolo awo kuti kugalukira mbuye kumabala dziko. Mu 1806, Thomas Jefferson ali pulezidenti, United States idaletsa malonda ndi Haiti. Chiletsocho chidatha patapita zaka zochepa ndipo amalonda a ku America adabwerera mwaunyinji kudzagula khofi, koma zovomereza dzikolo ayi. Britain nayo inkachita malonda ndi Haiti mosangalala, koma pamene Napoleon adagwa mu 1814 idalonjeza France mwamseri kuti siidzaitchinga ikafuna kukatenganso dera lakelo.

M'kati mwa dziko namo mudali mosakhazikika. Dessalines, amene adali atadzilonga ufumu, adaphedwa pa 17 Okutobala 1806, ndipo dziko lidagawika pawiri. Kumpoto kudali Henri Christophe, amene mu 1811 adakhala mfumu. Kummwera ndi kumadzulo kudali dziko lopanda mfumu, lotsogoleredwa ndi pulezidenti Alexandre Pétion kuyambira 1807, likulu lake ku Port-au-Prince. Malamulo oyendetsera dziko a 1806 adapereka mphamvu zambiri ku nyumba ya Senate, ndipo Pétion yemweyo ndiye adalimbikira kuti zikhale choncho pofuna kumanga manja a Christophe. Atakhala iye pa mpando, malamulowo adamuthina, nkuyamba kulamulira mosalabadira maseneta. Malamulo atsopano a 1816 adamupatsa upulezidenti wa moyo wake wonse ndi mphamvu yosankha womulowa m'malo. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndiyo idachititsa kuti mu 1825 tsogolo la dziko lonse likhale m'manja mwa munthu mmodzi.

Pétion adachitanso chinthu china chimene anthu wamba adamukondera: kuyambira 1809 adagawa minda ya atsamunda kwa asilikali ndi akuluakulu awo. Anthu amene adakulira m'minda ya nzimbe pansi pa chikoti sadafunenso kumva za nzimbe. Adalima chakudya chawo ndi khofi pang'ono wogulitsa. Shuga adatheratu, ndipo boma lidatsala ndi gwero limodzi lalikulu la ndalama, msonkho wa pa doko, wa khofi wotuluka ndi katundu wolowa. Ndalamazo zambiri zinkathera kwa asilikali, poti Pétion ankayembekezera adani awiri, Christophe ndi France. Boma lodya za pa doko lili ndi khosi limodzi, ndipo aliyense wokhala ndi sitima zankhondo ankadziwa pogwira.

Mu 1814 mfumu Louis XVIII ya France idatumiza nthumwi zake mwakachetechete. Amene adapita kumpoto, Franco de Medina, adagwidwa ndi anthu a Christophe, ndipo m'mapepala ake mudapezeka malangizo oonetsa kuti cholinga cha France chidali kubwezeretsa ulamuliro wake pamodzi ndi ukapolo kwa anthu ambiri. Christophe adafalitsa mapepalawo, ndipo nthumwiyo siidabwerere kwawo. Amene adapita kwa Pétion, Dauxion-Lavaysse, adauzidwa kuti za ulamuliro wa France aiwale, koma Haiti ikhoza kupereka chipepeso kwa atsamunda amene adataya minda, France ikavomereza ufulu wake. Choncho ganizo la chipepeso silidayambe ndi Boyer, ndiponso silidayambe ndi mizinga ya 1825. Lidachokera pakamwa pa Pétion, amene anthu ake ankamutcha bambo wa mtima wabwino.

Adaliganiziranji? Choyamba, adaona kuti ndalama nzotsika mtengo kuposa nkhondo ina. Chachiwiri, ndipo ichi sichikambidwa kawirikawiri, Pétion, Boyer ndi anzawo ambiri a m'boma adachokera m'gulu la anthu amene adali mfulu kale ukapolo usadathe, ambiri mwa iwo obadwa kwa bambo wachizungu. Onse awiri adakhalako ku France ndipo adabwerera mu 1802 pamodzi ndi asilikali a Leclerc, mlamu wake wa Napoleon, asadatembenuke nkugwirizana ndi Dessalines. Gulu limeneli ndilo lidatenga minda ikuluikulu ya atsamunda. Malinga ngati eni akale adali kuitanitsabe mindayo ku Paris, umwini wa eni atsopano udali wogwedera. Chipepeso chikadatseka mlandu wa malo mpaka kalekale.

Asadafike potaya mtima, atsogoleri a Haiti adayesa kupeza abwenzi kwina, ndipo apa mpamene nkhaniyi imandiwawa kwambiri. Kumapeto kwa 1815, Simón Bolívar, mtsogoleri wa nkhondo yomasula maiko a ku South America m'manja mwa Spain, adafika ku Les Cayes, doko la kummwera kwa Haiti, atagonja kwawo ndipo atasowa womuthandiza ku Jamaica. Pétion adamulandira, nkumupatsa mfuti, wonga, ndalama ndi makina osindikizira mapepala. Adapempha chinthu chimodzi: kuti Bolívar akamasule akapolo m'madera amene adzawaombole kwa Spain. Adamuuzanso kuti asatchule dzina la Pétion m'zilengezo zake, poti malamulo a Haiti ankaletsa boma kulowerera za maiko ena, ndipo kukwiyitsa Spain kukadawonjezera mdani. Bolívar adanyamuka mu Malichi 1816, adagonjanso, adabwerera ku Haiti, ndipo Pétion adamuthandizanso kachiwiri chaka chomwecho. Koma dziko la Colombia litaima, boma lake lidakana pangano la ubwenzi limene Haiti idapempha mu 1824, poopa kulakwira France. Mu 1826, pamene maiko atsopano a ku America adasonkhana ku Panama pa msonkhano umene Bolívar yemweyo adaitanitsa, Haiti siidaitanidwe.

Pétion adamwalira mu Malichi 1818, Boyer nkulowa m'malo. Poyamba zinthu zidamuyendera modabwitsa. Christophe adadzipha mu Okutobala 1820 asilikali ake atamugalukira, ndipo Boyer adatenga kumpoto popanda nkhondo. Mu Febuluwale 1822 adalowa mu Santo Domingo, chigawo cha kum'mawa cholankhula Chisipanishi, nkuthetsa ukapolo kumeneko. Chilumba chonse chidakhala pansi pa boma limodzi. Chaka chomwecho mlembi wake wamkulu, Joseph Balthazar Inginac, adalembera John Quincy Adams, nduna ya zakunja ya United States, kupempha kuti America ivomereze Haiti monga mmene inkavomerezera Colombia ndi Mexico nthawi yomweyo. Kalatayo siidayankhidwe. Mu 1824 Boyer adatumiza nthumwi ziwiri ku Paris zitanyamula lonjezo la chipepeso. Afalansa adati chabwino, dzilamulireni m'kati, koma za ubale wanu ndi maiko ena tiziyendetsa ndife. Nthumwizo zidakana nkubwerera. Munthu wofuna kugulitsa dziko akadagulitsa pamenepo.

Tsono tafika pa 1825. Pa 17 Epulo mfumu Charles X idasaina lamulo, osati pangano la mbali ziwiri, koma lamulo la mfumu lolembedwa ngati lopita kwa anthu ake. Lidali ndi mfundo zitatu. Madoko a Haiti akhale otsekukira maiko onse, koma sitima za France zizilipira theka chabe la msonkho. Anthu a m'chigawo chimene chidali cha France apereke ma franc (ndalama za ku France) 150 miliyoni m'magawo asanu ofanana, gawo limodzi chaka chilichonse, loyamba pofika pa 31 Disembala 1825, kuti apepesere atsamunda akale. Zikatero, mfumu ikuwapatsa ufulu wodzilamulira. Lamuloli adabwera nalo ndi Baron de Mackau kumayambiriro kwa Julayi, ndipo pambuyo pake padali sitima zankhondo 14 zokhala ndi mizinga pafupifupi 500. Akuluakulu amene Boyer adawasankha kuti akambirane naye adakana, chifukwa cha kuchuluka kwa ndalamazo komanso chifukwa cha mawu oti mfumu ikupereka chinthu chimene Haiti idali nacho kale kwa zaka 21. Kenako Boyer adakumana ndi Mackau payekha, nkuvomera. Pa 11 Julayi nyumba ya Senate idangotsimikiza zimene pulezidenti adali atatsiriza.

Kuti muone kukula kwa ndalamazi: mu 1803 France idagulitsa dera lonse la Louisiana kwa United States, dera lalikulu kuposa Haiti maulendo ambirimbiri, pa mtengo wa ma franc pafupifupi 80 miliyoni. Kwa Haiti idafuna pafupifupi kuwirikiza kawiri. Gawo loyamba lokha, 30 miliyoni, lidaposa kangapo ndalama zonse zimene boma la Boyer linkatolera pa chaka. Afalansa ankadziwa zimenezi, nchifukwa chake adakonzeratu pokakongola. Haiti idatenga ngongole ya 30 miliyoni ku mabanki a ku Paris, koma mabankiwo adadulapo 6 miliyoni zawo, Haiti nkulandira 24 miliyoni, zimene zidangochoka m'nyumba ina ya ku Paris kulowa m'nyumba ina. Zotsalazo Boyer adayenera kuzifuna m'thumba la boma. Kuyambira tsiku limenelo ngongole zidakhala ziwiri, ya chipepeso ndi ya banki yokhala ndi chiwongoladzanja chake. Ndipo theka la msonkho lija lidachepetsa ndalama za pa doko, zomwezo zimene zikadalipira ngongolezi. Gawo lachiwiri Haiti idalephera kupereka.

Kodi akadatha kukana? Apa mpamene pagona funso lanu. Ine ndikuona kuti France siikadatsitsanso asilikali pamtunda. Inkakumbukira bwino 1802 ndi 1803, pamene asilikali ake zikwi makumi angapo adathera pa chilumbacho ndi nkhondo ndi matenda a yellow fever. Chimene ikadachita ndicho kutseka madoko ndi kuombera Port-au-Prince kuchokera panyanja. Ndiye tifunse kuti kutseka madoko kukadapweteka ndani. Mlimi wa kumapiri wokhala ndi nthochi, chinangwa ndi nkhumba zake akadavutika kusowa nsalu ndi pogulitsa khofi, koma akadakhala ndi moyo. Dessalines ndi Christophe adakonzekera nkhondo ya mtundu umenewu, nchifukwa chake adamanga malinga m'mapiri, kuphatikizapo Citadelle yaikulu ija ya kumpoto, kuti adani akabwera anthu asiye mizinda ya m'mbali mwa nyanja nkukwera kumtunda. Amene sakadapirira ndi boma lenilenilo, losowa malipiro a asilikali, pamodzi ndi amalonda a m'mizinda ndi eni minda ikuluikulu. Mzinga udaloza gulu limodzi la anthu, koma ngongole idasenzedwa ndi gulu lina.

Sindikunena kuti kukana kukadakhala kophweka. Boma likadagwa, dziko limene lidangolumikizana kumene likadagawikanso, ndipo Boyer adali ataona ndi maso ake zimene magawano amachita. Adali atagogoda pa makomo onse, ku Washington, ku London, ku Bogotá likulu la Colombia, osatseguliridwa. Kupereka kanthu kuti atseke mlandu ndi France ndikukumvetsa. Chimene sindingamukhululukire ndi kuvomera chiwerengero chimene iye mwini ankadziwa kuti dziko silingachikwanitse, kuvomera yekha akuluakulu ake atakana, ndi zimene adachita pambuyo pake pofuna ndalamazo.

Mu 1826 adakhazikitsa malamulo a zaulimi otchedwa Code Rural. Munthu wakumudzi wopanda malo ake ankakakamizidwa kugwira ntchito pa munda wa wina kwa zaka zingapo, sankaloledwa kusamukira kutauni kapena kutsegula kasitolo popanda chilolezo, ndipo wopezeka akungoyendayenda ankagwidwa nkukagwiritsidwa ntchito mokakamiza. Oyang'anira adali asilikali. Amene mudamvako za thangata wa m'maesiteti a ku Thyolo ndi Chiradzulu mukudziwa kale fungo la malamulo oterowo, kusiyana kwake nkwakuti kuno wolamula ndi wolamulidwa onse adali ana a dziko limodzi limene lidabadwa pokana ukapolo. Malamulowa sadagwire ntchito kwenikweni. Anthu ambiri adali kale ndi timinda tawo, ena adangokwera m'mapiri, ndipo asilikali nawo, pokhala alimi okhaokha, sadalimbikire kugwira abale awo. Boma lidatembenukira ku msonkho wa khofi, umene amalonda ankaubweza pa mlimi pomugula motchipa, komanso ku kusindikiza ndalama za pepala zimene mphamvu yake inkatsika chaka ndi chaka. Anthu a ku Santo Domingo nawo adasenzetsedwa gawo la mtolowu, chikhalirecho lamulo la Charles X linkanena za chigawo cha France chokha. Chidandaulo chimenechi chidali chimodzi mwa zimene zidawachititsa kupatuka mu Febuluwale 1844 nkupanga Dominican Republic.

Nanga adapindulanji? France idatumiza woiimira ku Port-au-Prince, Britain idatumiza Charles Mackenzie mu 1826, maiko ena a ku Ulaya nkutsatira, ndipo mantha a nkhondo ina ndi France adachepa. Zimenezi si zazing'ono kwa anthu amene adakhala zaka 21 akuyang'ana kunyanja. Koma United States idapeza chifukwa chatsopano chokanira. Adams, amene tsopano adali pulezidenti, adauza nyumba ya malamulo kuti dziko lolandira ufulu wake ngati mphatso ya mfumu yachilendo, nkuipatsanso mfumuyo mwayi wapadera pa malonda, silisiyana ndi dera lolamulidwa ndi atsamunda. Maseneta a kummwera, monga Robert Hayne wa ku South Carolina, sadavutike nkufuna zifukwa zotere. Adanena poyera kuti mtendere wa madera awo sungalole kuti Haiti ivomerezedwe.

Boyer tiyenera kumupatsa zake pa chinthu chimodzi: sadaleke kukambirana. Mu Febuluwale 1838, France ili pansi pa mfumu Louis-Philippe, maiko awiriwa adasaina mapangano awiri. Loyamba lidavomereza Haiti ngati dziko laufulu popanda mfundo yomangirirapo, ndipo ulendo uno lidali pangano la maboma awiri ofanana. Lachiwiri lidatsitsa zotsala za chipepeso kufika pa 60 miliyoni, zolipira pa zaka 30, kutanthauza kuti zonse pamodzi zidakhala 90 miliyoni m'malo mwa 150. Ngakhale zidatero, Haiti idamaliza kulipira m'zaka za m'ma 1880, ndipo pofika nthawiyo idali italowa kale m'ngongole zina za ku Paris.

Ndalamazo zidapita kwa atsamunda akale ndi ana awo, kudzera m'bungwe la boma la France lotchedwa Caisse des Dépôts. Poziwerengera ankayang'ana mtengo wa minda ukapolo usadathe, ndipo munda wa nzimbe udali ndi mtengo chifukwa cha anthu amene ankaulima mokakamizidwa. Amene adagwira ukapolowo sadalandire kanthu. Maganizo amenewa sadali a France yokha, poti Britain nayo pothetsa ukapolo mu 1833 idapereka mapaundi 20 miliyoni kwa eni akapolo. Koma kumeneko lidalipira ndi thumba la boma la Britain. Ku Haiti adalipira ndi omasulidwawo, ana awo ndi adzukulu awo, kudzera pa thumba lililonse la khofi lotsika m'phiri.

Ulamuliro wa Boyer udatha ndi matenda omwe aja a munthu mmodzi kugamula zonse. Aphungu achinyamata a m'nyumba ya malamulo, motsogozedwa ndi Hérard Dumesle, atayamba kufunsa za chuma, za sukulu ndi za mphamvu za pulezidenti, Boyer adawathamangitsa m'nyumbamo ndi asilikali. Mu Meyi 1842 chivomezi chidagumula mzinda wa Cap-Haïtien, boma nkuoneka kuti lilibe chothandizira anthu. Kumayambiriro kwa 1843 kummwera kudabuka kugalukira kotsogozedwa ndi Charles Rivière-Hérard, asilikali adamutaya Boyer, ndipo mu Malichi adakwera sitima ya Angelezi kupita ku Jamaica atalamulira zaka 25. Adamwalira ku Paris mu 1850. United States idavomereza Haiti mu 1862, Abraham Lincoln ali pulezidenti, maseneta a madera a akapolo atatuluka m'nyumba ya malamulo chifukwa cha nkhondo yapachiweniweni.